Zikhomo za Kumunsi kwa Chulu

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito ya ku khonsolo mphamvu ndikadali nazo, anzanga amene ndinayamba nawo akadali pamipando. Ena anakuuzani kuti ndinatukwana bwana. Kutukwana ndinatukwanadi, koma mabwana ndinayamba kuwatukwana kalekale ndipo palibe amene anandichotsapo. Nkhani yake ndi ina, ndipo amayi anu andilola kuti ndiilembe. Khonsolo yake sinditchula, chifukwa ena akudyabe kumeneko.

Chaka cha 1994

Ndinalembedwa ntchito chaka chimene ku Dzaleka kunayamba kufika anthu othawa kwawo. Ndinali ndi satifiketi ya Fomu Folo yokha, choncho anandipatsa ntchito yonyamula tepi yoyezera malo ndi zikhomo za m'malire mu ofesi ya mapulani a malo. Ofesiyo inali chipinda chimodzi, tebulo limodzi, ndi mapu a nthawi ya atsamunda amene chiswe chinadyako mudzi wathunthu chapakona. Njinga yamoto inalipo, koma mafuta ake tinkangowamva m'nkhani. Tepi itaduka, tinayamba kuyeza malo ndi chingwe chomangira ng'ombe chimene tinachimanga mfundomfundo. Bwana wanga woyamba, a Zgambo, anali munthu wofatsa moti kufatsa kwawoko kunkandipsetsa mtima. Ndiwo anandipatsa dzina loti Tsabola, tsiku limene ndinagenda mwini golosale ndi chikhomo atasuntha malire ife titangotembenuka. Sanandikalipire. Anangotola chikhomocho nati, "Mbewe, malo sathawa. Munthu ukalusa, chingwe umakoka mokhota."

Nyumba ya boma panalibe, ndiye nditakwatira amayi anu ndinakakhala chikamwini kumudzi kwawo, kumtunda kwa dambo lija mumalidziwa. Mimba yoyamba inayenda bwinobwino mpaka mwezi wake. M'mawa wina a Naphiri, amene anali azamba a m'mudzimo, anatuluka m'nyumba nandipeza nditakhala pachitsa. Iwo sanakhale pansi. Anangoti, "Mkamwini, zalephereka. Ndi mtayo, mwana wabadwa wakufa. Mayi ali bwino." Ndinadzambatuka kuti ndikafune matabwa a bokosi ndi kutumiza uthenga kwathu, koma anatukula dzanja. "Khalani pansi. Palibe bokosi, palibe kulira, palibe uthenga. Izi si za amuna." Posakhalitsa ndinaona azimayi angapo akutulukira kuseri kwa nyumba ndi kachitenje kokulungakulunga ndi kakhasu, akutsetsereka osacheuka. Ndinafunsa kuti akupita naye kuti. Ndinafunsa kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Palibe anandiyankha. Ndinamenya beseni ndi mwendo mpaka linapindika, ndipo malume a amayi anu anandikoka kupita nane kudimba kukathirira ndiwo ngati kuti palibe chachitika. Pamudzi panaphikidwa, ana anasewera, wailesi ya anthu oyandikana nafe inalira mpaka madzulo. Kwathu tinakulira pa sitolo za ku Madisi, bambo anga anali telala, ndipo zoterezi palibe anandikonzekeretsapo.

M'mawa mwake ndinali kuntchito. A Zgambo atamva anati, "Ukanakhala kunyumba, mwana wanga." Ndinayankha kuti, "Ndikhalire chiyani? Akuti kulibe maliro."

Amayi anu sanaitchulenso nkhaniyi, inenso ndinaikwirira. Kenaka unabadwa iwe Chikondi, ndipo tonse tinkakutcha chisamba.

Zaka za m'ma 2000

Ananditumiza kumapiri a ku Ntchisi, kumene mvula ikagwa msewu umasanduka sopo. Ndinakhalako zaka zingapo ndikukangana ndi olima kachewere m'mphepete mwa mitsinje, ndikuyenda wapansi chifukwa njinga ya kumeneko inalibe ngakhale matayala. Anyamata awirinu munabadwira komweko. Atandibweza kuno anandikweza kukhala woyendera zomangamanga, ndipo chida changa chinali chitini cha penti wofiira ndi burashi. Nyumba ikalowa mumsewu, kantini ikamangidwa popanda chilolezo, ndinkalembapo mtanda wofiira, ndipo ntchito inkaima pomwepo mpaka komiti itakhala pansi. Mtanda umenewo unkaopedwa kuposa mwini wake. Ndinaulemba pa okala ya mayi wamasiye, pa sitolo ya mkulu wa mpingo wathu, ngakhale pa chigayo cha mlamu wanga. Ndi chifukwa chake malume anu aja amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Nthawi imeneyo ndi pamene misonkhano inayamba kusefukira kuno. Anthu a m'maofesi a ku Lilongwe anazindikira kuti msonkhano umakoma ukachitikira kunja kwa mzinda, ndipo chimene chimaukometsa nonse mukuchidziwa. Pa Mponela malo ogona alendo anamera ngati chisoso m'munda wa mlesi. Munthu akagulitsa fodya chaka chino, chaka chamawa wamanga holo, wagula mipando yapulasitiki nkuiveka nsalu zoyera. Tsiku lina kwinakwake ndinaona ndi maso angawa anthu ovala mataye akukambirana za kuteteza madambo, ali mu holo yomangidwa pakati penipeni pa dambo, achule akulira kunsi kwa zenera. Ndinaima pakhomo ndikuwaonerera. Wina anandifunsa ngati ndabwera kudzatenga mabotolo.

Chaka cha 2016

Makhansala athu anatopa ndi kuonerera magalimoto akuluakulu akudutsa kupita kukadyetsa ena. Anakhazikitsa komiti yoona zokopa alendo a misonkhano, ndipo ine ankanditenga ngati wonyamula mapu. Bwana wa ofesi yathu panthawiyo anali a Msukwa, mnyamata wophunzira kwambiri, wosamwa, wosalandira za pansi pa tebulo. Ndikulemba izi kuti musaganize kuti anali munthu woipa. Ankafunadi kuti dera lino lituluke mumdima. Iwo ndiwo anakopa a Kamphinda, mwini esiteti ya fodya ndi malole, kuti amange holo yaikulu ya misonkhano ndi zipinda zogona alendo, kutali pang'ono ndi phokoso la msewu waukulu, pamalo oonekera mapiri. Malo amene anawasangalatsa anali kumtunda kwa dambo la kumudzi kwa amayi anu. Ine ndinakondwa kuposa onse. Ndinkaona magetsi, msewu, ndi ntchito za ulonda ndi zophika za abale anu ongokhala aja.

Tinaitanitsa msonkhano wa mudzi pabwalo. Amuna anakhala pamipando ndi pamiyala kutsogolo, azimayi pansi chakumbuyo, monga zimakhalira masiku onse. Mafunso ndinkafunsa ndine, poti ndine mkamwini wa pamudzipo.

"Kodi pamalo amenewa pali munda wa munthu?"

"Unalipo wa malemu wina wa pamudzi pano, koma ana ake avomera."

"Nanga manda alipo?"

Amuna anaseka. Malume a amayi anu, amene pa nthawiyi mano anali atatha, anati, "Mkamwini, mwaiwala kale kumene tinaika apongozi anu? Munanyamula nawo bokosi nokha. Manda ali uko kumsitu. Apa ndi podyera mbuzi basi."

A Msukwa, kunena zoona, anatembenukira kumbuyo nati, "Nanga amayi, inu mulibe mawu?" Azimayi anazyolika. Patapita kanthawi mmodzi anati, "Anena kale abambo." Tinaomba m'manja, tinabalalika. Chimene chimandipweteka mpaka lero nchakuti pabwalopo panalibe mwamuna ngakhale mmodzi amene ananama.

Sabata yotsatira tinakhoma zikhomo zachitsulo m'malire monse. Kumunsi, pafupi ndi dambo, panali chulu chachikulu chozunguliridwa ndi zitsamba ndi mtengo wa mthethe, ndipo pa pulani pamenepo pankayenera kusalazidwa kuti pakhale poimika magalimoto. Nditabwereranso ndinapeza zikhomo za ngodya imeneyo zazulidwa. Chodabwitsa nchakuti sizinabedwe. Zinali zitamangidwa pamodzi ndi luzi, zitaikidwa bwinobwino pambali pa njira. Chitsulo choti wakuba akanakagulitsa tsiku lomwelo! Ndinazikhomanso, ndinazipezanso chimodzimodzi. Ndinabwera ndi simenti nkuzithira. Anazikumba, anagogoda simenti yonse nkuichotsa, anazimanganso ndi luzi latsopano. Zikhomo za mbali zinazo palibe anazikhudza.

Kunyumba ndinkalalata pa chakudya. "Ndikamugwira ameneyu ndimuthyola zala chimodzichimodzi. Anthu osafuna chitukuko! Mbuli zenizeni!"

Amayi anu anati, "Bwanji osangosuntha malirewo pang'ono, bambo a Chikondi? Malo ndi aakulu."

"Inu za mapulani mwazidziwa liti? Ine ndimalowerera za m'miphika mwanu?"

Anasamba m'manja nkutuluka panja, chakudya osachimaliza.

Tsiku lobwera katapila, amayi anu analawira m'mamawa, akuti akukazonda a Naphiri amene anali atakalamba kwambiri. Ine ndinafika pamalopo dzuwa litakwera pang'ono, ndinapeza a Msukwa, a Kamphinda ndi wapampando wa komiti ataima pafupi ndi chikwangwani chachikulu chojambulidwa holo yodzamangidwayo. Katapila inali itasalaza kale kumtunda, ikutsetsereka. Koma kumunsi, kuzungulira chulu chija, kunali kutakhala azimayi. Anali ambiri ndithu, nkhalamba, atsikana a ana kumsana, a mipingo yosiyana amene masiku onse sapatsana ngakhale mchere. Sankaimba, sankakuwa, analibe chikwangwani. Anangokhala pansi miyendo atatambasula. Pakati pawo panali a Naphiri ndi ndodo yawo, ndipo pambali pawo ndinaona chitenje chimene ndinagula ndekha pa Mponela.

A Kamphinda anaseka. "A Mbewe, si akazi anu awo? Kodi kunyumba kwanu buluku amavala ndani?"

Ndinatsetsereka ndikuthyola zitsamba ndi nsapato zanga za ntchito mpaka ndinakaima patsogolo pawo.

"Mayi a Chikondi, mukundichititsa manyazi pamaso pa mabwana anga. Nyamukani msanga!"

Sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana nsapato zanga.

"Sunthani phazi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati sunthani phazi lanu lamanzerelo. Mwaponda mwana wanu."

Ana anga, ine ndamenyedwapo ndi njerwa pamutu ndi munthu amene ndinamulembera mtanda, koma sizinafike pamenepa. Ndinayang'ana pansi. Kunsi kwa nsapato yanga kunali phale la mphika wofiira, lokwiririka theka. Nditakweza maso ndinaona lina, ndi lina, ndi lina, m'kati mwa udzu kuzungulira chulu chonse, ena akuda ndi ndere, ena atsopano oti aikidwa mvula yomweyi. Ndinali nditayenda pamenepo ndi tepi, ndinakhomapo zitsulo, ndinathirapo simenti, ndikumaganiza kuti ndi podzala pakalekale.

A Naphiri anati, "Mkamwini, tsiku lija munafunsa kuti tikupita naye kuti. Lero mwafika nokha, mwabwera ndi katapila."

Ndinafunsa kuti, "Nanga bwanji simunanene pamsonkhano paja? Bwana anakufunsani!"

"Tinene pabwalo? Pamaso pa akamwini ndi ana athu aamuna? Zinayamba zanenedwapo liti? Inu munafunsa za manda, amuna anakulozerani manda. Kuno amuna safikako, sakudziwako. Ife tinazula zitsulo zanu, tinazimanga mwaulemu, kuti munthu wanzeru adabwe, apite kuseri akafunse mkazi wake. Inu munabwera ndi simenti." Anakhosomola, nkuloza katapila ndi ndodo. "Ndipo mudziwe kuti ana awa sitiwaika mozama. Ukamuika pansi kwambiri watseka mimba ya mayi wake. Chitsulo chanucho chikangopala kamodzi, onse ali pamtunda, agalu akuonerera."

Ndinagwada pansi. Amayi anu anasendera pafupi, nanena motsitsa kuti ena asamve, "Anali wamkazi. Chipumi chinali chanu chomwechi." Zaka zonsezo tikugona nyumba imodzi, tikulera ana atatu, tikukangana za mchere ndi za fizi, mkazi ameneyu ankadziwa pamene pagona mwana wanga, ndipo ankabwera kudzazulapo udzu ine ndikuganiza kuti apita kudimba.

Ndinakwera kumtunda ngati woledzera, ndinawafotokozera mabwana. A Msukwa anavula magalasi, anapukuta kumaso. Anati, "A Mbewe, ndamva, ndipo zandikhudza. Koma mudzi unavomera, komiti inavomereza, alendo odzaika mwala wa maziko aitanidwa kale. Katapila iyambe yasalaza mbali inayo, enawa tiona mmene tingawasamutsire mwaulemu."

"Muwasamutsa bwanji? Mukumba ndi supuni? Muziwadziwa bwanji kuti uyu ndi wa uje?"

A Kamphinda anagwedeza makiyi a galimoto. "Ana opanda ngakhale dzina omwewa? Tikayamba kulabadira zoterezi, dziko lino sitidzamanganso ngakhale chimbudzi. Katapila ndabwereka, ikudya nthawi. Dalaivala, tiye!"

Onse amene analipo ankadziwa dzina langa la Tsabola, ndipo wapampando wa komiti anabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndimenya munthu. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma ndinangozindikira ndikuyenda kupita pa njinga yanga, ndikumasula chitini cha penti. A Msukwa anazindikira msanga. Ananditsatira, nanena mondinong'oneza, "A Mbewe, chikwangwanicho chili ndi dzina la khonsolo. Ntchito iyi ndi yathu yomwe. Mukalembapo mtanda, mwadzilembera nokha. Ganizani za ana anu akusukulu." Anyamata inu munali ku sekondale nthawi imeneyo, ndipo ndinakuganiziranidi. Burashi inakhala m'mwamba kanthawi, penti akudontha pa nsapato. Ndinayankha kuti, "Bwana, ndikuganiza za ana anga. Onse." Ndinalemba mtanda waukulu pa chithunzi cha holo chija, kuchokera kona mpaka kona. Kenaka ndinatsetsereka, ndinakaima kutsogolo kwa katapila, nkulemba wina pa chitsulo chake chopalira.

A Kamphinda anakuwa kuti dalaivala asandimvere, akuti ndine kalaliki chabe. Dalaivalayo anali bambo wamkulu ndithu, wa ku Mulanje, amene makolo ake anabwera kuno kudzalima fodya. Anazimitsa injini, anatsika, anavula chipewa. Anati, "Bwana, funani wina. Ine akazi anga ali ndi ana awiri a mtayo kwinakwake, sindidziwa pamene anagona. Mwina nanenso wina akuyendetsapo katapila." Injini itazima pamalopo panangoti zii. Ndi pamene ndinamva mayi mmodzi kumunsi kuja akuyamba kulira, kenaka wina, kenaka onse. Amenewo anali maliro amene sanaliridwepo, ena a zaka zambiri kuposa zanga.

Malinga ndi malamulo athu omwe, ntchito yolembedwa mtanda siyambanso komiti isanakhale pansi. Inakhaladi, ndipo nkhani yosanenedwa pabwalo inanenedwa m'chipinda cha khonsolo, pamaso pa amuna ovala majekete. Khansala wina wamkazi ndiye anaifotokoza, osabisa kanthu. Ndinkayembekeza mkangano woopsa, ndinali nditakonzeka kutukwana. Koma amuna aja anangoyang'ana pansi, wina akuseweretsa cholembera, wina akukanda m'mutu. Ndinazindikira kuti pafupifupi aliyense wa iwo anali ndi m'mawa wake umene anauzidwa kuti khalani pansi, izi si za amuna. Pulani inasinthidwa. Malo oimika magalimoto anachepa ndipo anakhota kuzungulira chulu. Mwambo woika mwala unachedwa, alendo olemekezeka anakhumudwa, ndipo a Kamphinda analumbira kuti sadzapuma mpaka ataona Mbewe akusesa.

Sanalakwitse kwenikweni. Chitini cha penti anandilanda, ananditumiza ku kamsika ka kutali kumapiri kukayang'anira zimbudzi ndi motaya zinyalala. Ndinayesa kupirira, koma mtima wangawu mumaudziwa. Ndinapempha kupuma nthawi isanakwane. Tsiku lotsanzikana a Msukwa anandiperekeza mpaka pageti, nati, "Mukanandiuza kale, bwenzi zonsezi kulibe." Ndinati, "Ndikanakuuzani chiyani, bwana? Inu ndi ine tinamva tsiku limodzi." Amayi anunso analipira mbali yawo. Azimayi ena a kumudzi anakhala nthawi yaitali osawalankhula, akuti anaulula kwa mwamuna zosaululidwa. A Naphiri okha ndiwo anawaikira kumbuyo mpaka tsiku limene anamwalira.

Masiku ano

Holo ija ilipo, ikuyenda bwino, ndipo asuweni anu awiri amaphika kumeneko. Chulu anachizunguliza ndi kampanda kakafupi. Alendo amaganiza kuti ndi zokongoletsa za mwini malo. Nthawi yopuma amaima pamenepo ndi makapu a tiyi, akuyankha mafoni, ndipo madalaivala amalimbirana mthunzi wa mthethe. Ine ndikadutsa ndimaima kunja kwa geti. M'kati mwa kampandako sindinalowemonso, amayi anu anati kamodzi kaja nkokwanira.

Chikondi, ndamva kuti a kuntchito kwako amachitira misonkhano pamenepo, ndipo unandiuza wekha kuti umakonda kuimika galimoto pamthunzi paja. Uchisamba wako sindikulanda. Koma kuyambira tsopano uziimika kumtunda, padzuwa, utsike wapansi. Ndiwe mkazi, ukhoza kulowa. Kumanzere kwa mthethe kuli phale la mphika wofiira, lothyoka pakona. Ndinathyola ndine ndi nsapato. Usalisunthe. Pamenepo pagona mkulu wako.

Inu anyamata, mwawerenga zimene amuna sauzidwa. Tsiku lina mkazi wanu akadzati sunthani malire pang'ono, musadzamufunse kuti za mapulani wazidziwa liti.